Nambewe akufuna kupita ku mishoni asanamalize udokotala

Imelo iyi yakhala mufoni mwanga masabata awiri osayankhidwa. Chifukwa china n'chakuti ndinali pa ntchito ya usiku kuchipatala kuno ku Joni, ndipo amene anagwirapo usiku amadziwa kuti pofika kunyumba m'mawa mutu umakhala ngati phala. Koma chifukwa chenicheni n'chakuti funso lake linafukula nkhani imene ndinaikwirira kalekale, ndiye ndimazengereza kuti ndiinene kapena ndingoyankha za mapepala ndi katemera n'kusiyira pomwepo. Mwiniwake wandilola kuyankha poyera bola ndisatchule dzina, choncho ndimuitana ndi mfunda wake, Nambewe. Analemba motere, ndangodulako zina:

"Anti, ndili chaka chachinayi cha udokotala ku yunivesite ya Wits. Ndinabadwira ku Dedza koma ndinabwera kuno ndili ndi zaka 9, timakhala ku Rosettenville. Chaka chatha pa msonkhano wa achinyamata ndinamva mumtima kuti Mulungu akundiitana kukatumikira kuchipatala cha mishoni kunja. Ndikufuna nthawi ya elective (masabata amene sukulu imatilola kukaphunzirira kuchipatala chodzisankhira) ndipite ku Kenya kapena ku Ethiopia, ndipo ndikadzamaliza sukulu ndikakhazikike komweko. Mtsogoleri wathu wa achinyamata akuti ndisadandaule zoti sindinamalize, Mzimu akandiuza chochita pomwepo. Bambo anga akuti sanasoke zovala za anthu zaka zonsezi kuti ine ndikagwire ntchito yaulere kutchire. Ndingadziwe bwanji kuti ndi Mulungudi? Nanga ndikonzekere bwanji?"

Nambewe mwana wanga, ndiyamba ndi mawu a mtsogoleri wakoyo, chifukwa ndi amene angaphetse munthu. Za bambo ako tifika.

Inenso ndinali chaka chachisanu cha udokotala pamene ndinapita masabata 6 kuchipatala china cha mishoni kutsidya kwa Zambezi. Dzina lake sinditchula, eni ake sanalakwe kanthu, wolakwa ndinali ine. Amayi a Chigwirizano anandipatsa chitenje ndi Baibulo latsopano, anandiperekeza ndi nyimbo mpaka pokwerera basi pa Park Station, ndipo m'basi monse ndinkadziona ngati Paulo waitanidwa ku Makedoniya.

Sabata yachiwiri, masana ena, dokotala mmodzi yekhayo wa pamalopo anali m'thiyeta ndi mayi amene mwana anapingasa m'mimba. Ine anandisiya ku wodi ya ana kuti ndizingoyang'anira. Kunabwera mayi atabereka kamnyamata ka zaka ziwiri. Atakatsitsa kumbuyo ndinaona miyendo yotupa yonyezimira, tsitsi lofiirira losakhalira kusosoka, khungu la m'ntchafu likusupuka ngati penti wa khoma lakale. Womasulira anati katsegula m'mimba masiku atatu. Maso anali atalowa mkati. Ndinatsina khungu la pamimba, linachedwa kubwerera. M'mutu mwanga yankho linabwera lokha: madzi atha m'thupi, ika diripi. Mtsempha ndinaupeza ulendo woyamba womwewo, pa mwana wotupa, ndipo sindinama, ndinadzimva. Ndinatsegula diripiyo kuti ithamange, ndinagwira kadzanja kake, n'kuyamba kupemphera.

Pasanathe mphindi 10 analowa namwino wina wachikulire, wamfupi, wovala juzi yobiriwira pamwamba pa yunifolomu ngakhale kunkatentha. Sanandiyang'ane n'komwe. Anadina ndi chala chachikulu pamwamba pa phazi la mwanayo, panatsala kadzenje. Anatambasula dzanja n'kutseka diripi ija. Anaima phee akuwerenga kupuma kwa mwana, maso ali pa wotchi ya pachifuwa. Kenako anatenga kapu ndi supuni, anabweretsa madzi a ReSoMal, n'kukhala pansi ndi mayi uja kumuonetsa: supuni imodzi, dikirani, supuni ina. Atatha anandikodola kuti tituluke pakhonde. Anandiuza m'Chizungu, motsitsa mawu kuti odikirira odwala asamve, kuti mwana wotupa chonchi mtima wake ndi wofooka, ukamuthira madzi mumtsempha mothamanga umamumiza ali pabedi.

Iwe mwina wazimva kale m'kalasi, koma ena owerenga ayi. Mwana akanyentchera kwambiri thupi lake limasintha kagwiridwe ka ntchito. Minofu ya mtima imafooka, mchere wa sodium umachuluka m'thupi pamene potassium wachepa, ndipo zizindikiro zimene timadalira pa mwana wabwinobwino, monga maso olowa ndi khungu lochedwa kubwerera, zimanamiza, chifukwa mwana woonda amaoneka choncho ngakhale madzi ali okwanira. N'chifukwa chake malangizo a WHO amaletsa diripi pa mwana wotere pokhapokha ali mu shock, ndiye kuti magazi asiya kuyenda mokwanira m'thupi. Amamwetsedwa ReSoMal, amene mchere wake ndi wochepa poyerekeza ndi Thanzi wamba uja, mamililita 5 pa kilogalamu iliyonse mphindi 30 zilizonse kwa maola awiri oyamba. Kenako mkaka wa F-75 pang'onopang'ono, kumufunditsa, kuyang'anira shuga, mankhwala opha tizilombo. Chiponde chimabwera pambuyo, akayamba kufuna chakudya. Kwa namwino uja imeneyi inali ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ine ndinali ndisanasamalirepo mwana wotere ndi kamodzi komwe.

Mwanayo anachira, anatuluka patatha masabata atatu akukana kutsika pamsana pa mayi ake. Pemphero langa lija linali lochokera pansi pa mtima, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu analimva. Koma analiyankha potumiza mayi wa juzi yobiriwira kudzatseka chimene ine ndinatsegula.

Ndiye ukakumana ndi mtsogoleri wakoyo, mutsegulire limodzi Mateyu 10:19. Pamene Yesu ankauza ophunzira kuti asade nkhawa, adzapatsidwa nthawi yomweyo, ankanena za choyankha pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a milandu. Mlingo wa mankhwala a gentamicin wa khanda la makilogalamu awiri mulibemo m'lonjezo limenelo. Umenewo umaphunziridwa padesiki, usiku, anzako ali ku Braamfontein kokasangalala.

Lamulo limene ndinadzipangira pakhonde paja ndi ili: chimene sakukulola kuchita wekha m'zipatala zimene umaphunzirira kuno, ku Bara (Baragwanath ya ku Soweto) kapena ku Rahima Moosa, usakachichite wekha ku mishoni. HPCSA, bungwe loyang'anira madokotala kuno, linakulembetsa ngati mwana wa sukulu wogwira moyang'aniridwa, ndipo kudinditsa pasipoti pa bwalo la ndege la OR Tambo sikukukweza kalasi. Mwana wa ku Bomet ku Kenya ndi munthu chimodzimodzi mwana wa ku Soweto, umphawi wa makolo ake si chilolezo choti ife tiziphunzirirapo. Chovuta n'chakuti kumeneko sipadzakhala wokugwira dzanja. Tsiku loyamba lomwe adzakutcha dokotala. Agogo adzakugwadira. Antchito ndi ochepa, odwala ena agona pansi, ndipo wina wotopa adzakuuza kuti ingochotsa madzi a pamsana pa uyu, ingosoka uyo, si uli ku yunivesite yaikulu? Dzina la udokotala limaledzeretsa kuposa kachasu. Yamba panopa kuzoloweza pakamwa pako mawu akuti "izi sindinazichitepo, tiyeni tichitire limodzi", chifukwa tsiku lofunika amakanirira pakhosi.

Choncho polembera chipatala usangofunsa za malo ogona ndi intaneti. Funsa kuti adzakuyang'anira ndani, dzina lake, ndiponso kuti usiku ukathedwa nzeru udzaitana ndani. Zipatala zimene zinazolowera kulandira ana a sukulu, monga Tenwek ndi Kijabe ku Kenya, mafunso otere zimayankha mosavuta, ndipo malo ake amadzaza msanga, ndiye lembera padakali nthawi yaitali. Chimene chikungoyankha kuti bwerani basi, ntchito ndi yambiri, ndicho chofunika kuchiopa.

Kenya ndi Ethiopia sindikuzikana, koma ndikufunse, wodwala udzamumva bwanji? Matenda ambiri timawagwira ndi makutu tisanatulutse n'komwe stethoscope. Ku Tenwek agogo adzakufotokozera m'Chikipsigisi, achinyamata m'Chiswahili. Ku Soddo, ku Ethiopia, ndi Chiwolayita ndi Chiamhariki, chimene ngakhale zilembo zake ndi zina. Masabata ako onse adzatha ukumvera kudzera pakamwa pa womasulira, ndipo womasulira akatopa, nkhani ya mphindi zisanu amaifinya n'kutsala kuti "akuti mutu ukupweteka".

Pali munthu wina amene potchula mbiri ya mishoni kwathu timamulumpha, ndipo anachokera kuno komwe ku South Africa. Mu 1876, patangotha chaka Dr Robert Laws atafika ku Cape Maclear, anyamata anayi achikuda a ku sukulu ya Lovedale ku Eastern Cape anadzipereka kukathandiza. Mmodzi wa iwo anali William Koyi, Mxhosa. Sanali dokotala. Koma amishoni atafuna kulowa kwa Angoni a M'mbelwa, amene ankaopedwa chigawo chonsecho, wotsegula khomo anali Koyi, chifukwa chilankhulo chake chinkamvana ndi Chingoni ndipo ankadziwa mmene munthu amakhalira pamaso pa inkosi. Anakhala nawo ku Njuyu, n'kumwalira komweko mu 1886.

Iwe unandilembera m'Chichewa chosalala ngakhale wakulira ku Rosettenville. Chimenecho ndi chida chimene mnzako wa m'kalasi wa ku Sandton sangachigule ndi ndalama. Chimagwira ntchito ku Nkhoma, ku Mulanje Mission, ku Malamulo, ku St Luke's ku Malosa. Chimagwira ntchito ku St Francis ku Katete, kum'mawa kwa Zambia, kumene ana a sukulu ochokera m'mayiko osiyanasiyana amapita. Chimamveka ngakhale ku Angónia m'chigawo cha Tete. Zipatala za mipingo kwathu zili pansi pa bungwe lawo la CHAM, ndipo zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'Malawi, makamaka kumidzi. Ndikudziwa, mumtima ukuti kumeneko si kunja, ndi kumudzi chabe. Kwa iwe amene unachoka uli ndi zaka 9 ndipo sunachezerepo m'wodi ya kumeneko, ndi kunja ndithu, udzadabwa. Komanso udzifunse moona mtima: Ethiopia ikukukoka chifukwa cha anthu ake, kapena chifukwa imamveka bwino poilengeza kutsogolo kwa mpingo? Ine funso limeneli ndinadzifunsa mochedwa. Maganizo anga ndi akuti elective ukachitire kumene ungamve wodwala ndi makutu ako. Ngati Ethiopia idzakhala idakali mumtima pambuyo pake, yamba kuphunzira chilankhulo chake udakali kuno, anthu a kumeneko adzaza m'tauni muno ndi mashopu awo.

Tsopano funso lako lalikulu, loti ungadziwe bwanji kuti ndi Mulungu. Pa anthu amene ndawaona akupita n'kukhalitsa, ndaona zinthu ziwiri: maitanidwe awo anapirira nthawi, ndipo anthu ena anawaona. Paulo anakumana ndi Ambuye panjira ya ku Damasiko, koma panapita zaka zoposa 10 kuti mpingo wa ku Antiokeya umusanjike manja pamodzi ndi Barnaba n'kuwatumiza. Ndipo pa Machitidwe 13 Mzimu analankhula kwa mpingo uli pakati posala kudya, sananong'oneze Paulo yekha kuchipinda. Kutentha mtima kwa pa msonkhano n'kwabwino, inenso ndakumvapo kangapo, koma kiyibodi ikaleka kulira kwina kumapezeka kuti kunali moto wa mapesi. Kuti udziwe, pita ku casualty, kofikira ovulala, ya ku Bara Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, 2 koloko usiku, munthu wobayidwa ndi botolo akukutukwana ukumusoka, wina atakusanzira nsapato. Potuluka m'mawa udzifunse ngati ukufunabe kutumikira odwala. Ku mishoni kulibe mtundu wina wa odwala oyera mtima othokoza okhaokha, ndi anthu omwewa.

Ndipo poyambira palipo kale, sipofunika ndege. Chaka china, kuchipatala china cha boma kuno, ndikudutsa m'wodi ya abambo ndinamva kuseri kwa katani munthu akubuula kuti "mayo ine, mayo". Mzulu sabuula choncho. Ndinasuzumira. Anali bambo woonda kwambiri, m'fayilo mwake munalembedwa kuti sayankha mafunso. Nditati "muli bwanji, bambo?" anandigwira dzanja ndi manja onse awiri osafuna kusiya. Anali wa ku Mangochi, ankagwira ntchito m'shopu ku Mayfair, ndipo mphindi zisanu zinakwana kuti ndidziwe chimene anzanga anachifunafuna masiku atatu: anali pa mankhwala a TB, anawasiya mwezi wachitatu poopa kubwerera kukiliniki chifukwa mapepala ake anatha. Anthu athu otere ali mbwee ku Joni kuno, makamaka masiku ano pamene magulu ena amaima pazipata za makiliniki kufunsa ziphaso, chikhalirecho gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo. Mwana wa sukulu womva Chichewa angapulumutse munthu m'wodi pongomasulira bwino, osagwira n'komwe singano.

Bambo uja anali Msilamu. Ndinafuna kumupempherera, ndinamufunsa, anakana mwaulemu, anati mnzake abwera ndi shehe madzulo. Ndinamusiya, ndinamupempherera m'galimoto popita kunyumba. Uziganizira izi: wodwala wagona, wavula, iwe waima wavala jasi loyera ndipo mankhwala ali m'manja mwako. "Inde" wake sachokera mumtima nthawi zonse, ena amavomera poopa kuti akakana sathandizidwa. Ndiye thandiza kaye, funsa pambuyo, ndipo funsa m'njira yoti kukana kusamuvute. Zipatala zambiri za mishoni zili ndi abusa kapena alaliki awo, odziwa chilankhulo ndi mwambo wa pamalopo, amene adzakhalepo iwe utapita. Mlendo ndi mame, masabata 6 sachedwa kukamuka. Foni nayo izikhala m'thumba. Chithunzi cha mwana wa eni wotupa miyendo pa Facebook, pansi pake vesi, sichilemekeza Mulungu, ndipo ukadachijambula kuchipatala cha Charlotte Maxeke kuno ukudziwa mmene sukulu ikadakuchitira.

Tifike kwa bambo ako. Usawaone ngati Farao. Zambiri za mishoni zimene umawerenga zinalembedwa ndi anthu amene makolo awo anali ndi penshoni, ndipo mipingo yawo inali ndi thumba lotumizira amishoni. Ife nkhani yathu ndi ina. Bambo ako akhala pa makina osokera zaka zonsezi, msana ukuwawa, ulusi wayamba kuvuta kulowa pa singano, ndipo mwezi ndi mwezi ena mwa marandi amenewo amadutsa pa Mukuru kupita kwa agogo ako ku Dedza. Akamakuona wavala jasi loyera amaona tsiku limene adzapumeko. Kumeneko si kuchepa chikhulupiriro. Yesu yemwe, pa Marko 7, anadzudzula anthu amene ankauza makolo kuti chimene ndikadakuthandizani nacho chaperekedwa kwa Mulungu, n'kuwasiya akuvutika. Mwana akhoza kubisala kuseri kwa utumiki pothawa udindo, ndipo ndawaonapo otero, kumpingo akuwaombera m'manja pamene mayi awo akukongola ndalama ya lendi. N'zoonanso kuti kholo silingagwire moyo wa mwana m'manja mpaka kalekale, ndipo lidzafika tsiku loti usankhe wekha. Koma tsikulo si lero.

Taona, mukukangana za chinthu chimene chidakali kutali. Watsala ndi zaka ziwiri za sukulu. Ukamaliza pali internship, kugwira ntchito moyang'aniridwa zaka ziwiri kuno, kenako chaka chimodzi cha community service, chotumikira m'zipatala za boma, ndipo malo ake boma limayamba kupatsa nzika zake, choncho fufuza msanga ngati mapepala ako akukulola. Internship ukakachitira ku Malawi ndi miyezi 18 m'zipatala zikuluzikulu monga Queens kapena Kamuzu Central, utalembetsa ku Medical Council of Malawi. Bungwe la mishoni lanzeru silitumiza dokotala wongotuluka kumene kuti akakhale yekha kutchire. Ndiye zokhazikika kunja zili zaka zinayi kapena zisanu kutsogolo, mwinanso kuposa.

Ndikaona achinyamata akuthamanga ndimakumbukira Dr Daniel Malekebu, Mmalawi woyamba kukhala dokotala. Anamaliza ku Meharry Medical College ku Nashville ku America mu 1917, mtima wonse uli kwawo ku Chiradzulu, kumene mishoni ya John Chilembwe inagwetsedwa mu 1915. Atayesa kubwerera, boma la atsamunda linamukaniza. Anakagwira ntchito ku Liberia, ndipo analoledwa kudzatsegulanso mishoniyo, PIM, mu 1926, zaka 9 chipezereni digiri. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Mawu akuti "yaulere" nawo si oona kwenikweni. Antchito ambiri a m'zipatala za CHAM malipiro awo amachokera ku boma. Palinso PAACS, bungwe la Akhristu lophunzitsa madokotala a mu Africa muno ntchito ya opaleshoni kwa zaka zisanu m'zipatala za mishoni, kuphatikizapo Tenwek, Kijabe, Soddo, ndi kwathu ku Malamulo ndi ku Nkhoma. Ophunzira amalandira kangachepe, ndipo amalonjeza kudzatumikira kumalo osowa madokotala. Sudzalemera ngati anzako odzatsegula maofesi ku Sandton, zimenezo usawanamize bambo ako. Koma sudzayendanso ndi mbale yopemphetsera.

Choncho panopa apemphe za elective zokha, ndipo upite ndi pepala. Telala amalemekeza muyeso. Lemba tikiti, visa, ndalama imene chipatala chimalipiritsa ana a sukulu, chakudya, katemera, inshuwalansi, ndi kumene iliyonse ichokere, kuti aone kuti sukuwasenzetsa katundu wina. Ambuye omwe anati wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Mpingo ukakusonkhera, pobwera ukaime kutsogolo ndi malisiti. Amayi amene amapereka ndalamazo ena amakolopa nyumba za anthu ku Randburg.

Za thupi lako ndinena mwachidule. Katemera wa yellow fever ubayitse masiku 10 ulendo usanafike. Kuyambira 2016 kamodzi kamakwanira moyo wonse, ndipo khadi lachikasulo adzalifuna pobwera kuchokera ku Kenya kapena ku Ethiopia. Yezetsa magazi uone ngati katemera wa hepatitis B anagwira. Dziwiratu usananyamuke kumene udzapeze PEP, mankhwala oteteza ku HIV, ukadzibaya ndi singano, chifukwa ayenera kuyambidwa msanga, pasanathe maola 72, n'kumwedwa masiku 28. Tenga mamasiki ako a N95, wodi ya chifuwa chachikulu siisowa. Ngati uli pa visa ya sukulu, yang'ana tsiku lake lothera kawiri: kuyambira 2014 munthu wotuluka m'dziko muno visa itatha amaletsedwa kubwerera chaka chathunthu, ndipo ikapitirira ndi masiku oposa 30 zimakhala zaka zisanu. Digiri idzatsala kusukulu kwako ku Parktown iwe uli kutsidya kwa Beitbridge.

Malungo okha ndichedwapo, chifukwa ndi amene amatipusitsa ife a ku Joni. Timati ndine Mmalawi, ndinakula nawo. Chitetezo chija chimene thupi limapanga polumidwa chaka ndi chaka chimazirala munthu akakhala zaka zingapo kumalo opanda malungo, ndipo Joni, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, alibe malungo. Iwe thupi lako ndi la ku Rosettenville. Januwale aliyense timagoneka anthu athu obwera ku tchuthi cha Khirisimasi amene ankati ndi chimfine chabe, ena amafika impso zitasiya kale kugwira ntchito. Imwa mankhwala oteteza, doxycycline kapena atovaquone-proguanil, malinga ndi mmene dokotala wako angakulembere. Gona m'neti. Ukatentha thupi utabwerako, uza wokuyezayo kumene unali asanakufunse n'komwe. Manda a amishoni ku Cape Maclear ndi ku Bandawe ndi a anthu opemphera kuposa iwe ndi ine, koma masiku amenewo zoti malungo amadza ndi udzudzu zinali zisanadziwike. Ife tilibe chowiringula.

Pa zaka ziwiri zatsalazi unjika luso la m'manja. Usathawe wodi ya azamba. Thandiza amayi ambiri kubereka mmene ungathere, lemba partograph, tchati cholondolera mmene kubereka kukuyendera, mpaka uziilota, phunzira kupumitsa khanda lobadwa lili zii, ndi kuletsa magazi mayi akachira. Ika madiripi pa ana, inde, ndikudziwa kuti ukuseka. Phunzira kuyeza mimba ndi chifuwa ndi manja ndi makutu ngati kuti CT scan kulibe, chifukwa kumeneko nthawi zambiri idzakhala kulibedi, ndipo magetsi akazima ngakhale X-ray imagona. Kabuku ka WHO ka kasamalidwe ka ana m'chipatala kazikhala m'thumba la jasi lako. Fufuzanso anzako a Christian Medical Fellowship, pakati pawo pamapezeka amene anapitapo ndipo angakuuze chipatala chimene chimaphunzitsa bwino.

Konzekeranso maliro. Mwana wa diripi uja anachira, koma masabata omwewo ndinaona ana ena akufa ndi matenda amene kuno akadachira, wina chifukwa magazi oti amuike panalibe, wina chifukwa anafika mochedwa atayenda usiku wonse pa njinga. Madzulo otero mavesi a chipambano amene timaloweza pa misonkhano sankalowa. Amene anandigwira anali Salimo 13 ndi Salimo 88, a anthu ofunsa Mulungu kuti mpaka liti, nanga chifukwa chiyani. Azolowere panopa, pamodzi ndi Yobu. Ndipo peza mayi mmodzi wachikulire mumpingo, wosachita nawe chidwi kuti ndiwe wa ku Wits, amene ungamuimbire uli kumeneko n'kulira osafotokoza zambiri.

Pepala la ndalama lija ukalemba unditumizire ndilione usanawaonetse bambo ako. Ndipo ngati angalole, ndingabwere ku Rosettenville Loweruka lina ndisali pa ntchito. Ndili ndi chitenje cha ku Lilongwe chimene chakhala m'sutikesi chaka chathunthu chikudikira telala, tidzakambirane iwo ali pa makina.